Musanaike Ubuntu pambali pa Windows, iwoneni kaye disiki

Mlimi sadzala asanaione nthaka, koma ambiri amathamangira kuika Ubuntu (mtundu wa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta monga Windows) m'kompyuta yomwe muli kale Windows osafunsa kuti disikiyo inakonzedwa motani.

Windows imasunga mafayilo pa disiki mwa dongosolo lotchedwa NTFS, pomwe Ubuntu nthawi zambiri imasankha dongosolo lina lotchedwa ext4. Ziwirizi kumvana kwake n'kwa mbali imodzi. Linux imawerenga ndi kulemba pa NTFS popanda vuto, koma Windows ikaona ext4 imangoti kakasi. Mukalumikiza disiki yakunja ya ext4, Windows imatha kukuuzani kuti muifomate kaye. Musavomere! Disikiyo sinawonongeke ayi, Windows ndiyo siikuizindikira. Mukangovomera, zithunzi zaukwati ndi makalata antchito zapita.

Choncho mafayilo amene mukufuna kuwaona mbali zonse ziwiri, asungeni pa chigawo cha disiki cha NTFS. Koma pali kamsampha. Kuchokera pa Windows 8, pali chinthu chotchedwa Fast Startup chomwe chimachititsa kuti kompyuta isazimiretu, imangogona tulo. Linux ikapeza NTFS ili choncho, imakulolani kuwerenga koma kulemba imakana. Lowani mu Control Panel, pa Power Options, muchizimitse. Ngati disiki inatsekedwa ndi BitLocker, loko wa Windows wotetezera mafayilo, lembani papepala manambala 48 otsegulira musanakhudze chilichonse.

Fulashi yoikira Ubuntu nayo ili ndi zake. FAT32, dongosolo lomwe mafulashi ambiri amakhala nalo, siilandira fayilo imodzi yoposa 4 GB. Ndiye m'malo mokopera ndi manja, gwiritsani ntchito pulogalamu yokonzera fulashi yotchedwa Rufus, imadziwa kulambalala vutoli.

Mukafika pogawa disiki mudzaona kachigawo kakang'ono ka FAT32 kotchedwa EFI, kawirikawiri ka 100 MB kapena kupitirirako pang'ono. Ena amakayesa zinyalala n'kukafufuta. Kasiyeni momwemo, ndimo mumakhala zodzutsira Windows, ndipo Ubuntu nayo idzaika zake momwemo.

Ntchito yochepetsa chigawo cha Windows, ine ndimakonda kuti muichitire mu Disk Management ya Windows yomweyo. Yambani mwakopera mafayilo anu onse pa disiki ina, ndipo batire la laputopu likhale lodzaza. Magetsi akathima disiki ili mkati mogawidwa, kompyuta ikhoza kukana kudzuka.