Momwe mungasemere uta wanu woyamba

Kuno kuchigwa cha Shire, amene akuphunzira kumene ayambe ndi mtowo, chifukwa umapindika osathyoka msanga. Tsanya ngolimba ndithu, koma amalemera komanso amabunthitsa mpeni, musiyeni kaye.

Dulani nthambi yowongoka, yopanda mfundo, yotalika mita 1.5, yonenepa masentimita 4 kapena 5. Osakadula ku Lengwe, ku Majete kapena ku Mwabvi: kumeneko lamulo limaletsa kudula mitengo ngakhalenso kusaka.

Sendani khungwa mosamala kuti mpeni usakande mtengo. Matani phula kunsonga zonse ziwiri, popeza ming'alu imayambira kumeneko, kenako muupachike pamthunzi, kudenga, komwe chiswe sichifika, kwa miyezi iwiri. Mukauyanika padzuwa la Okutobala, pamene kutentha kuno kumafika madigiri 40, kunja kuuma msanga mkati mukadali madzi, ndiye ung'aluka. Ngati wakhota pang'ono, uwaulitseni pamakala, muuwongole pabondo ukadali wotentha.

Tsopano kusema, pomwe mauta ambiri amawonongekera. Uta uli ndi mbali yakunja, yoyang'ana kumene muvi ukupita, ndi yamkati, yoyang'ana inu. Yakunjayo musaiseme ngakhale pang'ono. Ndi imene imatamuka mukakoka, ndipo pamene mpeni wadula ulusi wa mtengo ndi pomwe uta udzathyokere. Pakati siyani masentimita 12 ogwirira. Kuchokera pamenepo semani mkati ndi m'mbali ndi kasemasema, mukuchepetsa pang'onopang'ono mpaka nsonga zifike kukula kwa chala chamkombaphala.

Zikatero ikani kasemasema pansi, mutenge mpeni kapena chibenthu cha botolo, muzipala basi. Mukapala kangapo, tsamiritsani nsonga imodzi pansi, kanikizani pakati, muone momwe ukupindikira, kenako mutembenuze. Pamene sipakupindika lembanipo ndi khala ndi kupalapo. Pamene papindika kwambiri ngati chigongono musakhudzepo. Palani malo oyandikana nawo mpaka mbali zonse zipindike mofanana. Ntchito imeneyi imafuna kudekha, chifukwa chomwe mwapala simungachibwezere.

Nsinga yabwino ndi yachikopa chopota chikadali chonyowa n'kuumitsa chokokedwa, koma khonje wopota bwino kapena chingwe cha nayiloni zikwanira poyambira. Dulani timipata m'mbali mwa nsonga, osati kunja, mumangepo nsinga. Uta ukakungidwa, pakati pa nsinga ndi chogwirira patalike masentimita 15, ngati nkhonya yoimika chala chachikulu. Pakachepa, nsinga izikumenyani padzanja.

Osakoka mpaka kutsaya tsiku loyamba. Kokani pang'ono kambirimbiri, mukuwonjezera, mtengo uzolowere. Mukamva kuti "the!" kapena mukaona kaulusi katatukuka kunja, lekani pomwepo; uta woterowo ukhoza kukuthyokerani kumaso. Komanso osaulasa wopanda muvi, popeza mphamvu yonse imabwerera mumtengo.

Mivi yoyesera pangani ndi bango louma lowongoka, lomwe silisowa m'mbali mwa Shire, ndipo muzilasa thumba la udzu pamalo opanda ana ndi ziweto. Mukatha, masulani nsinga, pakani uta mafuta a nsatsi, muugoneke pamthunzi. Mukausiya wokunga umakhota mpaka kalekale ndipo mphamvu imatha.