Agogo akagwa n'kudzamwalira ndi chibayo, pa fomu ya imfa mulembepo chiyani?

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo gulu lomwe limafa kwambiri ndi la opitirira zaka 60. Komatu imfa zambiri zotere zimasowa m'kaundula chifukwa cha mmene ife olemba fomu timalembera.

Tiyerekeze kuti agogo a zaka 80 aterereka pakhonde, fupa la ntchafu n'kuthyoka cha m'chiuno. Agona osadzuka masabata atatu, chibayo chawagwira, atisiya. Gawo loyamba la fomu lili ndi mizere inayi, ndipo mulembe motere: pa (a) chibayo, masiku 5, pa (b) kugona osadzuka, masabata 3, pa (c) kuthyoka kwa fupa, masabata 3, pa (d) kuterereka pakhonde kunyumba, masabata 3. Owerengetsa amatenga mzere wapansi kwambiri kukhala gwero la imfa. Imfayi idzapatsidwa nambala ya W01 m'buku la ICD-10 (buku la WHO la manambala a matenda ndi zoyambitsa imfa), momwe kugwa kuli pa W00 mpaka W19.

Mukangolemba chibayo chokha, agogowo awerengedwa ngati odwala m'mapapo basi. Vuto lobisika kwambiri ndi kulemba fupa lothyoka osanena chomwe chinalithyola. Pamenepo woika manambala alibe mphamvu yongoganizira, amaika X59, kutanthauza ngozi yosadziwika, ndipo imfayo yachoka pa mndandanda wa kugwa. M'buku lakale la ICD-9, fupa lothyoka mosadziwika linali pa E887 ndipo linkaphatikizidwa ndi kugwa. N'chifukwa chake si bwino kufanizira ziwerengero za mabuku awiriwa mwachimbulimbuli.

Kukankhira kugwako ku gawo lachiwiri nakonso kungakubise. Gawolo ndi la matenda ena othandizira imfa, monga shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Mawu oti "ukalamba" kapena "mtima unaima" musawalembe okha, sanena chilichonse chothandiza.

Funsani owadwazika: anagwa liti, kuti, akuchita chiyani? Mawu oti "anagwa" paokha amapita ku W19, kugwa kosafotokozedwa, pomwe kugwa pabedi ndi W06, pamasitepe W10. Lembaninso nthawi pambali pa mzere uliwonse, ngakhale padutsa miyezi. Koma fupa likathyoka lokha chifukwa cha khansa kapena kufooka kwa mafupa, popanda kugwa, lembani matendawo pa mzere wapansi.