Momwe mungajambulire maluwa chapafupi ndi foni yanu

Maluwa ophunzirirapo musakawafune kutali. Duwa la therere, lachikasu chotuwa ndi pakati pofiirira, limaposa maluwa ambiri ogula. Chiluwe cha maungu, deliya wa m'mbali mwa msewu, ngakhale kaduwa ka chisoso, zonsezi n'zokwanira. Foni muli nayoyo ingathe ntchitoyi, bola musankhe nthawi yabwino ndiponso mudekhe.

Yambani ndi kulawira. Cha m'ma 6 mpaka 8 koloko m'mawa dzuwa limakhala lofatsa, mphepo isanayambe, mame adakali pamaluwa. Chiluwe chimatseguka m'bandakucha n'kufota dzuwa likakwera, ndiye mukagonereza muchipeza chitatseka. Dzuwa la masana limatulutsa zithunzithunzi zakuda bii, mbali zina n'kuyera mbee mpaka mtundu wa duwa kusowa. Tsiku la mitambo ndiye labwino koposa. Ngati simungachitire mwina koma kujambula masana, tchingani duwalo ndi ambulera.

Pukutani lenzi ndi kansalu kofewa. Zala zamafuta zimaononga zithunzi zambiri, anthu n'kumanamizira foni.

Kenako gwadani, kaya mawondo ada ndi dothi. Sankhani duwa limodzi losabooledwa ndi tizilombo, lizungulireni, liyang'aneni cham'mbali ndi chapansi. Dzuwa likakhala kuseri kwa duwalo, timitsempha take timaonekera ngati ta m'dzanja.

Tsopano pagona nkhani ndi pa focus, kutanthauza kusankha malo amene aoneke bwino kwambiri pachithunzi. Kamera yaikulu ya mafoni ambiri imalephera kuona bwino chinthu chikayandikira kupitirira masentimita pafupifupi 10. Sendezani foni pang'onopang'ono mpaka chithunzi chiyambe chimbuuzi, ndiye bwererani pang'ono. Dinani pa sikirini malo amene mukufuna aoneke bwino, makamaka pakati pa duwa pomwe pali mungu. Mukadinikiza kwa kanthawi, mafoni ambiri amakhazikika pomwepo osasunthanso. Pambali pamatuluka kachizindikiro ka dzuwa: kakokereni pansi pang'ono, makamaka pa maluwa ofiira ndi oyera, chifukwa ndi amene amafulumira kuwala mopyola. Ngati foni yanu ili ndi macro, njira yojambulira tinthu ting'onoting'ono pafupi kwambiri, iyeseni, koma imafuna kuwala kokwanira. Kutambasula chithunzi ndi zala kuti chiyandikire, ine sindikulimbikitsa. Kuli bwino kujambula chapatali pang'ono n'kudula m'mbali pambuyo pake. Amene muli ndi kamera yeniyeni, kukula kwa kabowo kolowera kuwala yambirani pa f/8 mpaka f/11, liwiro la shutter (kachitseko ka kamera) lisatsike pa 1/250 ya sekondi, popeza mukayandikira chonchi kagawo kooneka bwino kamachepa kwambiri.

Mphepo ndiyo imataya anthu mtima. Tsamiritsani zigongono pansi kapena pamaondo, gwirani foni ndi manja onse, ikani timer ya masekondi 3 kuti kudina kusagwedeze foni. Katoni yoimika mbali yochokera mphepo imathandiza. Jambulani kambirimbiri, mudzasankhe chimodzi.

Musanadine, yang'anani zakumbuyo. Ndowa, waya wa zovala kapena pepala la pulasitiki zimalanda maso. Sunthani pang'ono mpaka kumbuyo kukhale masamba obiriwira ali patali, chifukwa zakumbuyo zikatalikira zimafewa zokha. Nsalu yakuda yopanda maluwa, wina ataigwira patali pang'ono, imachititsa duwa kuonekera lokha. Mbali imene yada, yandikizaniko pepala loyera kuti libweze kuwala. Fulashi izime.

Njuchi ikabwera musaithamangitse. Konzeranitu focus pa duwalo, khalani phee, idzatera yokha.

Dzanja likazolowera, tsatani nyengo. Jakaranda amachita maluwa mu September ndi October m'misewu ya Blantyre, Zomba ndi Lilongwe. Ku Nyika kuli mitundu yoposa 200 ya maluwa otchedwa orchid, ndipo yambiri imamasula nthawi ya mvula, cha mu January ndi February. Kumeneko ndi kumalo otetezedwa, choncho musathyole duwa kuti mulijambule bwino, ndipo muziyang'ana pomwe mukugwada, chifukwa ena mwa maluwawa ndi aafupi kuposa udzu wowazungulira.