Mawu a Chiteki a nyengo ndi chilengedwe, aphunzireni mutayang'ana phiri

Amene mukuphunzira Chiteki, chilankhulo cha ku Turkey, kaya mukufuna sikolashipu ya boma lawo ya Türkiye Bursları kaya mumangochikonda, ndikuuzeni mmene ndimachitira ineyo ndi mawu a zachilengedwe. Kuloweza mndandanda wa pa foni sikunandithandize, mawa lake ndinkadzuka zonse zitauluka. Chomwe chinagwira ndi kutuluka panja. Ife a ku Mulanje kuno tili ndi mwayi, mvula, nkhungu, mitsinje, minda ya tiyi, zonse zili pakhomo pomwe.

Yambani ndi katchulidwe chifukwa mukalakwa apa muloweza zolakwika. Chiteki amachilemba ndi zilembo za Chilatini kuyambira 1928, zilipo 29. Ç ndi ch wathu uja, ş ndi sh, c amamveka ngati j. Koma chovutitsa ndi ğ, satchulidwa ayi, amangokoka liwu la patsogolo pake. Ndiye dağ, phiri, mumati "daa", yağmur, mvula, ndi "yaamur", ağaç, mtengo, ndi "aach". Palinso ı wopanda kadontho, uyu si i, amatulukira chakukhosi milomo osaitambasula, mumvetsereni kaye kangapo pa YouTube.

Mmawa uliwonse mukatsegula chitseko yang'anani kuphiri munene zomwe mukuona mokweza, ngakhale oyandikana nawo akudabweni. Ine ndimaima pakhonde kapu ya tiyi ili mmanja, ngati nsonga ya Chambe yabisika ndimati bulut, mtambo, ngati kwayera ndimati güneş, dzuwa. Mphepo ndi rüzgâr, nkhungu ndi sis. Mawu atatu patsiku akwana, musachite dyera.

Apa ndi pomwe pakomera. Chiteki chimamata tizidutswa ku mawu ngati mmene Chichewa chimachitira, kungoti ife timamata kutsogolo iwo amamata kumbuyo. Ife timati paphiri, iwo dağda, dağ kenako da. Mapiri ndi dağlar, mitsinje ndi nehirler, kuchokera ku nehir. Mwaona kuti kwina ndi lar kwina ler? Kachidutswako kamatsatira liwu lomaliza la mawuwo, a amakoka a, e kapena i amakoka e. Ndiye pali kena kamene ndimakakonda kwambiri pa nkhani ya nyengo, ka lu, li kapena lı, kamatanthauza kuti "kuli chakuti". Yağmurlu kwa mvula, bulutlu kwa mitambo, güneşli kwa dzuwa, rüzgârlı kwa mphepo, sisli kwa nkhungu. Ikani mawu oti hava kutsogolo, omwe ndi nyengo komanso mpweya, basi mwapanga chiganizo, hava bulutlu, kunja kuli mitambo. Mvula ikamagwa ndi yağmur yağıyor. Mawu amodzi mwawachulukitsa kanayi osatsegula dikishonale.

Nthawi ya chiperoni, mu Juni ndi Julaye muja, ndi kalasi yaulere. Kamvula kowaza kosalekeza kaja amati çisenti, kuzizira ndi soğuk, ndiye mukamanjenjemera pa depoti pa Chitakale podikira minibasi nenani hava çok soğuk, kunja kwazizira kwambiri, simudzaiwalanso.

Mawu ena amadzilowezetsa okha. Ay ndi mwezi wa kumwamba komanso mwezi wa pa kalendala, ndendende ngati ifeyo. Çay ndi tiyi, koma ndi kamtsinjenso, ndiye ndikadutsa pa mlatho wa Likhubula kapena pakati pa minda ya tiyi mawu ake ndi omwewo. Ndipo dziwani kuti ku Turkey amalima tiyi wambiri ku Rize, mmbali mwa Black Sea, dera la mapiri lomwe limalandira mvula yochuluka kuposa madera ena onse mdzikomo. Sakani zithunzi zake muone, mungaganize kuti ndi ku Thyolo. Orman ndi nkhalango, toprak ndi dothi, su ndi madzi, taş ndi mwala. Manambala yeserani ndi mapiri, Sapitwa wathu ndi mamita 3,002, Ağrı Dağı, phiri lalitali kwawoko, ndi 5,137.

Musazembe mawu owawa. Sel ndi madzi osefukira, heyelan ndi kugumuka kwa phiri, napolo amene tinamuona ndi maso nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Kuraklık ndi chilala, çevre ndi malo otizungulira, mawu omwe amagwiritsa akamakamba zosamala chilengedwe. Awa ndi amene mudzawafune munthu wa ku Turkey akadzakufunsani za kwanu, ndipo ine ndimafuna ndidzathe kumuuza za mkungudza wathu womwe ukutha mphirimu ndi macheka komanso moto.

Madzulo jambulani mawu anu pa WhatsApp, ziganizo zitatu za mmene kunachera lero, mudzitumizire nokha kapena mnzanu amene mukuphunzira naye. Loweruka mvetserani zonse za sabata imeneyo, pomwe lilime linakodwa bwerezani kasanu, makamaka ı uja.