Momwe mungalimbitsire minofu yopumira ngati munavulala msana ndipo mumachita masewera

Anzathu othamanga pa wilutcheya kuno ku Kasungu amalimbikira kukhwimitsa manja ndi mapewa, koma chomwe chimayamba kuwagonjetsa pabwalo ndi phuma. Chifukwa chake chili mumsana momwemo. Mnofu waukulu wokokera mpweya, umene uli pansi pa mapapo, umalamulidwa ndi mitsempha ya m'khosi, imene achipatala amaitchula kuti C3 mpaka C5. Minofu ya pakati pa nthiti ndi ya pamimba imalamulidwa ndi mitsempha ya m'munsi mwake. Choncho wovulala chakumtunda kwa msana, koma m'munsi mwa C5, amatha kupuma, koma kupumira mkati ndi kutsokomola mwamphamvu kumamuvuta. Makhololo akakhalira m'chifuwa, chibayo sichichedwa.

Yambani mwaonana ndi a mafizo. Funsani pa chipatala chachikulu cha Kasungu, kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, akuuzeni pomwe msana wanu unavulalira ndi zomwe thupi lanu lingapirire.

Akakulolani, gonani chagada, dzanja pamimba. Kokani mpweya ndi mphuno mpaka dzanjalo likwere, kenaka utulutseni pang'onopang'ono ndi pakamwa. Mukazolowera, ikani pamimbapo kathumba ka mchenga kolemera theka la kilogalamu, kazikwera ndi kutsika. Onjezerani mchenga pokhapokha kakayamba kupepuka.

Potulutsa mpweya, botolo la madzi limathandiza. Thirani madzi okwana masentimita 10 kuchokera pansi, lowetsani kapaipi koyera, kotakasuka bwino, ndipo uzirani mpaka madzi achite thovu. Musayamwe. Madziwo muzisintha tsiku ndi tsiku, botolo ndi kapaipi muzitsuka ndi sopo.

Pali tizipangizo topangidwira ntchitoyi, monga POWERbreathe, timene timalimbitsa mpweya poukoka. Ambiri amapuma nato ka 30, m'mawa ndi madzulo, kwa masabata asanu ndi limodzi. Mukakapeza, yambirani pofewa. Kuthamangira polimba kumangotopetsa minofu ya m'khosi.

Tsono masewera sachitika chogona. Mukakhala pa wilutcheya, mimba yofooka imagwera kutsogolo, ndipo mnofu waukulu uja umasowa pokankhira. Lamba wotambasuka wa pamimba, womangidwa m'munsi mwa nthiti, amabwezeretsa mimba m'malo mwake. A mafizo akusonyezeni kamangidwe, ndipo mukamasula muziona khungu, poti pamalo posamva kukhudza chilonda chimayamba mwakachetechete. Kenaka phunzirani kugwirizanitsa mpweya ndi manja: tulutsani pokankha mateyala, kokani manja akamabwerera.

Apa ndikupemphani, makamaka inu amene munavulala pa T6 (pamsana, moyang'anana ndi pakati pa chifuwa) kapena pamwamba pake. Mutu ukayamba kuwawa mogunda, nkhope n'kufiira, thukuta n'kutuluka kumtunda kwa thupi, siyani pomwepo. Magazi amakhala athamanga kwambiri, ndipo zimenezi zimapha. Khalani tsonga, masulani lamba ndi zovala zothina, onani ngati chikhodzodzo chadzaza kapena paipi ya mkodzo yapindika. Zikapanda kusintha, thamangirani kuchipatala. Nchifukwa chake ndi bwino kutaya madzi musanayambe, ndiponso kukhala ndi mnzanu pafupi.

Mukamva chizungulire, pumulani kaye. Tsiku lomwe muli ndi chifuwa kapena thupi latentha, musachite n'komwe. Fodya timalima ife, koma wosuta asayembekezere phindu lonse la zimenezi, ndipo miyezi ya fumbi ndi utsi wa tchire muzichitira pamalo poyera mpweya.