Nkhunda ya roller iweruzeni ili m'mwamba musanaiike pa mbewu

Oweta ambiri akafuna kugula nkhunda ya mtundu wa Birmingham Roller amaigwira m'manja, n'kuitambasula mapiko, kuona maanga ake ndi diso, basi ayambe kukambirana mtengo. Zimenezo sizolakwika, koma sizikuuzani chimene nkhundayi imawetedwera. Mtunduwu unachokera kumzinda wa Birmingham ndi madera ozungulira ku England, kumene oweta ankasankha mbewu poona chinthu chimodzi: kugubuduka cham'mbuyo ili mlengalenga, uku ikutsika, mwaliwiro loti diso silingawerenge kuti yatembenuka kangati. William Pensom, amene anachoka ku England kukakhazikika ku California ndipo anatulutsa buku lonena za nkhundazi mu 1958, ndi mmodzi mwa anthu amene anautchukitsa mtunduwu ku America. Lero ukuwetedwa ndi kupikisanitsidwa m'maiko ambiri, kuphatikizapo South Africa. Choncho roller imene simunaione ikuuluka musaigule ngati ya mbewu, kaya ikhale yokongola chotani.

Kuonerako kuli ndi luso lake. Tsegulirani nkhunda m'mawa mphepo isanayambe, zisanadye, ndipo muime pamene dzuwa lili kumbuyo kwanu. Gulu lonse likagubuduka pamodzi zimasangalatsa, koma maso amangobalalika ndipo simuphunzirapo kanthu. Sankhani imodzi, muitsate ndi maso kuyambira pouluka mpaka potera, mawa musankhe ina. Apa ndi pamene maanga amathandiza: kuti muzindikire nkhunda yanu ili patali, osati kuti muiweruzire.

Choyamba kuona ndi kaikidwe ka mapiko, ndipo kamaoneka bwino nkhunda ikamagubuduka pamwamba pa mutu wanu kapena italunjika kwa inu. Yabwino imaimika mapiko onse awiri mofanana, moyandikira thupi, moti mumaona ngati chilembo cha H, kapena cha A pamene nsonga za mapiko zikukomana pamwamba. Mapiko akatasa n'kuoneka ngati X, nkhundayo ndi yapakatikati. Ikawatambasulira m'mbali ngati mtanda ndiye yotsalira, ngakhale itatsika mtunda wautali bwanji. Kenaka muione cham'mbali. Yoyenera imadzipinda, mutu n'kuyandikira mchira, n'kukhala kampira kakang'ono kozungulira ngati nguli yokwapulidwa bwino, ndipo zina zaliwiro kwambiri zimaonetsa kabowo pakati. Mukamatha kuwerenga kutembenuka kwake kamodzikamodzi, dziwani kuti liwiro lachepa.

Pali zilema zimene woyamba kumene amaziyesa luso. Ina imasinthasintha phiko ili mkati mogubuduka, ndiye imapendekera uku ndi uko, ndipo ikamaliza imakhala italoza kwina, osati kumene gulu likupita. Ina imazungulira chafulati ngati ikusesa pansi m'malo motembenuka cham'mbuyo. Ina imangokhalira mchira, mapiko m'mwamba, n'kumatsika osatembenuka n'komwe. Kwa kankhunda kakang'ono kamene kakuphunzira zimenezi n'zachibadwa, koma yaikulu ikamaterobe ndiye kuti yathera pomwepo. Muonenso mathero a kugubudukako. Yabwino imaima mwadzidzidzi, mwaukhondo, ilunjike kwa zinzake ndi kuzithamangira nthawi yomweyo.

Tsono pa nkhani ya mtunda wotsika m'pamene ambiri amapusitsika, ndipo ndikufuna mumvetsetse. Nkhunda yogubuduka mamita 20 kapena 30 imachititsa anthu kukuwa, mwini wake n'kuyamba kuitama. Koma funso ndi lakuti: kodi imadziimitsa yokha? Kugubuduka ndi chibadwa chimene chimatha kuigonjetsa nkhunda. Ina chikaigwira imalephera kuleka mpaka kudzimenyetsa padenga, pamtengo kapena pansi, n'kuthyoka kapena kufa kumene. Ina imangogunda pansi ikamanyamuka kapena ikamatera chifukwa siizindikira kuti ili pafupi ndi nthaka. Yanzeru imatsika kwambiri ikakhala kutali m'mwamba, koma ikayandikira denga imafupikitsa kapena kusiyiratu. Kwa ine, nkhunda yotsika mamita 6 mpaka 9 mwaliwiro ndi mwaukhondo, tsiku ndi tsiku, n'kubwerera m'gulu, imaposa kutalitali ija yotsika mamita 30 imene simudziwa ngati mawa idzakhala yamoyo. Yodzimenyetsa pansi mobwerezabwereza musaibereketse, chifukwa kusadzigwirako kumapita kwa ana.

Roller siuluka yokha, imauluka m'gulu, ndipo mipikisano imaweruza gulu. Malamulo a World Cup Fly, mpikisano umene unayamba mu 1991, angakuthandizeni kuyeza khola lanu ngakhale musakupikisana. Nkhunda zimaulukira pakhomo pa mwini wake, woweruza ndiye amayenda. Gulu limakhala la nkhunda 15 mpaka 20 ndipo limaweruzidwa kwa mphindi 20. Kuti pawerengedwe mapointi, nkhunda zosachepera 5 ziyenera kugubuduka pa nthawi imodzi, ndi kutsika pafupifupi mamita 3 kapena kuposerapo. Zikagubuduka 5 mpaka 9, iliyonse imapata pointi imodzi. 10 mpaka 14, mapointi 2. 15 mpaka 19, mapointi 3. Zikachita zonse 20, mapointi 5 iliyonse. Pomaliza woweruza amachulukitsa zonsezo ndi nambala ziwiri, iliyonse ya pakati pa 1.0 ndi 2.0, ina ya ukhondo ndi liwiro, ina ya mtunda. Nkhunda ziwiri kapena kuposerapo zikatuluka m'gulu, kuwerenga kumayamba kwaima mpaka zitabwerera.

Mwaona pamenepo kuti katswiri wouluka payekha alibe phindu. Nkhunda yokonda kupatuka, youluka pamwamba pa zinzake, kapena yothamangira kutera msanga, imaononga ntchito ya gulu lonse, ndipo zing'onozing'ono zimatengera khalidwe lake. Yogubuduka pafupipafupi mopitirira muyeso nayo imavutitsa, chifukwa nthawi zonse imakhala ikuthamangira zinzake kumbuyo mpaka kutopa.

Komabe musafulumire kutaya nkhunda musanadzifunse za kasamalidwe kanu. Roller yokhuta chimanga imanenepa, n'kumangouluka mozungulira kapena kukhala padenga. Youluka imafuna chakudya choyeza, kamodzi patsiku ikatera: tirigu ndi mapira, pafupifupi supuni yaikulu imodzi pa nkhunda, ndi nyemba zing'onozing'ono monga nsawawa ikaoneka kuti yafooka. Nthawi yothothoka nthenga, makamaka pamene zikusintha nthenga zakunsonga mwa nthenga 10 zikuluzikulu za phiko, ngakhale yabwino imagubuduka mosalongosoka, ndipo ina imatha kugunda pansi. Njoka za m'mimba, nsabwe ndi zilonda zachikasu za kukhosi zimaifoolanso. Gulu limene lathamangitsidwa ndi kabawi dzulo lingauluke mwamantha lero. Kuweruza kwa tsiku limodzi n'kosadalirika. Lembani zimene mukuona kwa miyezi.

Izi zikutifikitsa pa kusankha mbewu. Ana a roller ambiri amayamba kugubuduka pakati pa miyezi 3 ndi 8, ena mochedwerapo. Imene yayamba msanga kwambiri ndi kutsika mtunda wautali ikadali yanthete muiyang'anitsitse, pakuti zambiri zotere n'zimene zimadzathera pansi zikamakula. Cholakwa chachikulu chimene oweta amachita n'kuichotsa m'gulu itangoonetsa luso, poopa kabawi, n'kuiika pa mbewu ili ndi miyezi 6. Manthawo ndi omveka, koma mukubereketsa nkhunda imene simunaidziwe. Isiyeni iuluke mpaka ipitirire chaka, ithothoke nthenga kamodzi n'kubwereranso pa luso lake. Ikafika chaka ndi theka kapena ziwiri idakali yodzigwira, ndiye mbewu.

Tsopano mukhoza kuigwira m'manja. Ikhale yaing'ono kapena yapakati, ya chifuwa chodzaza ndi minofu, thupi lochepera chakumchira, nthenga zosalala ndi zolimba, komanso yodekha, osati yaphuma. Pophatikiza, musaganize kuti yotsika kwambiri ndi yosagubuduka n'komwe zidzabala yapakati. Kawirikawiri mumapeza ana otengera mbali iyi kapena iyo. Phatikizani ziwiri zabwino zonse, za banja limodzi ngati n'kotheka, ndipo musaike pamodzi ziwiri za chilema chofanana. Kubereketsa pachibale kumalimbitsa zabwino ndi zoipa zomwe, ndiye kumafuna munthu wosanyengerera posankha. Muzipatulenso ndi nkhunda zathu wamba za ndiwo, chifukwa zikakwerana luso limasokonekera. Koma nkhunda wambazo zili ndi ntchito: zikaikira masiku ofanana ndi roller yanu, zipatseni mazira ake kuti zifungatire masiku 17 kapena 18 aja ndi kulera maunda, roller ipume pang'ono n'kuikiranso.

Muyeso weniweni wa mbewu ndi ana ake. Pali nkhunda zodabwitsa m'mwamba zimene zimabala ana achabechabe, ndipo pali zapakatikati, zochokera kubanja labwino, zimene zimadzaza khola ndi akatswiri. Valikani chiunda chilichonse mphete ya nambala kumwendo chili ndi masiku 5 mpaka 7, mulembe m'kope tate, mayi, tsiku loswa, mwezi umene chinayamba kugubuduka, ndi mmene chinathera. Ana awiri okha sangakuuzeni zoona. Ulutsani 6 kapena 8 a makolo omwewo. Ngati ambiri mwa iwo ndi abwino, makolowo musawalekanitse. Ngati ndi mmodzi yekha, phatikizani yaimunayo ndi yaikazi ina chaka chamawa, kuti muone mbali imene vuto likuchokera.