Netiweki yakale ija, tiisinthe kapena tiisiye? Mmene mungaganizire nkhani ya routing

Anzanga amene mukusamalira netiweki za maofesi kuno ku Zomba, makamaka inu amene munapeza ma router atayikidwa kale ndi munthu wina yemwe anapuma ntchito kapena anasamukira ku Lilongwe, nkhaniyi ndi yanu. Abwana abwera kuchokera ku msonkhano atamva za SD-WAN ndi Segment Routing, njira zatsopano zoyendetsera traffic pa netiweki, ndiye akufunsa kuti ife tisintha liti, inu mukudziwa kuti netiwekiyo yakhala ikuyenda zaka zoposa khumi ndipo mukuopa kuigwira. Maganizo anga ndi awa, musasinthe chifukwa choti zinthuzo ndi zakale, sinthani ngati netiwekiyo yakumangirirani kwa wogulitsa mmodzi moti router ikafa lero simungaike ya kampani ina m'malo mwake. Muyeso wake ndi umenewo basi.

Ndinaziona ndekha pa ofesi ina yomwe ili ndi nthambi cha ku Domasi, ku Thondwe ndi ku Jali. Mwezi wa Januwale mphenzi inagunda mlongoti wa wailesi, router ya pa nthambi imodzi n'kupsa. Netiweki yonse inali pa EIGRP, protocol ya kampani ya Cisco yomwe ma router amauzirana nayo njira zodutsira traffic. Router yomwe tinaipeza mwachangu ku Blantyre inali MikroTik, yotchipa komanso yamphamvu bwinobwino pa ntchitoyo, koma MikroTik siyankhula EIGRP. Tinachita kumata ndi ma static route, njira zolemba pamanja, ndipo kwa miyezi nthambi imeneyo ikaduka link yaikulu sinkabwerera yokha pa link yachiwiri, munthu ankachita kunyamuka. Zinandipweteka chifukwa anthu a ku nthambiko ankalephera kugwira ntchito pa chifukwa chomwe tikanachithetsa kalekale.

Ndiye poyambira si kugula chilichonse ayi, poyambira ndi kudziwa chomwe muli nacho. Tengani kope ndi laputopu muyende router iliyonse, lembani mtundu wake, version ya software, memory, ma interface, ndi protocol yomwe ikuyenda pamenepo. Tengani backup ya config iliyonse muisunge malo awiri. Jambulani mapu a ma link enieni, osati mapu aja opachikidwa pakhoma chifukwa nthawi zambiri amakhala a zaka zisanu zapitazo. Ndipo ngati mkulu amene anamanga netiwekiyo akadali moyo ndipo foni yake muli nayo, muyimbireni, pitani naye pa chakudya chamasana mumufunse chifukwa chake anaika static route yachilendo ija. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, mzere umodzi wa config womwe inu mukuuona ngati zinyalala mwina ndi umene ukugwira makina a malipiro.

Mukamalemba, chongani chilichonse chomwe ndi cha kampani imodzi yokha. Anthu amangoganiza za EIGRP koma pali zambiri. HSRP, yothandiza kuti router ikafa ina ilowe m'malo mwake, ndi ya Cisco, inzake yomwe aliyense amayankhula ndi VRRP. CDP, yodziwira zida zoyandikana, inzake ndi LLDP. PVST+, yoletsa traffic kumangozungulira pakati pa ma switch, inzake ndi MSTP kapena RSTP. VTP nayonso ndi ya Cisco yokha. Pa EIGRP wina akuuzani kuti inatsegulidwa kale, zoona Cisco inalengeza zimenezo mu 2013 ndipo chikalata chake RFC 7868 chinatuluka mu 2016, koma makampani ena ambiri sanaitengere, ndiye pa msika zili ngati ikadali ya mwini wake. OSPF, yomwe imagwira ntchito yofanana ndi EIGRP koma ndi yotseguka kwa aliyense, ndi nkhani ina, version 2 yake ili mu RFC 2328 kuchokera mu 1998, ndipo Cisco, Juniper, Huawei, MikroTik, ngakhale kompyuta ya Linux yokhala ndi FRRouting zonse zimamvana pa OSPF. Onani kuti chomwe ndikuchitcha chatsopano pano ndi chachikulu msinkhu kuposa ana ambiri omwe akuphunzira ku Chirunga, chatsopano kwa inu ndi ufulu wogula komwe mukufuna.

Ngati mwapeza RIP, protocol ina yakale ya routing, apo palibe zokambirana zambiri. Imathera pa ma hop 15 (hop ndi router iliyonse yomwe traffic yadutsa), imalengeza tebulo lonse masekondi 30 aliwonse, ndipo link ikaduka imatenga nthawi kuti izindikire. Ichotseni.

Tsopano ndalama, poti apa ndi pomwe abwana amamva. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense amene anayesapo kulipira katundu wakunja akudziwa mmene forex imavutira kuipeza ku banki. Zida za netiweki zonse timagula m'madola. Ndiye wogulitsa akakubweretserani SD-WAN yokhala ndi dashboard yokongola, mufunseni funso limodzi ili, chaka chamawa tikalephera kulipira laisensi pa nthawi yake chichitike n'chiyani, bokosilo lipitiriza kutumiza traffic kapena liima? Akuyankheni polemba. Zina mwa zidazi zimadalira laisensi ya chaka ndi chaka kuti zigwire ntchito, ndiye mukhoza kuthawa ndende ya EIGRP n'kukalowa ndende yokwera mtengo kuposa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. SD-WAN ili ndi malo ake, ngati muli ndi nthambi makumi angapo m'dziko lonse ndipo iliyonse ili ndi ma link awiri a makampani osiyana, iganizireni. Koma ofesi ya ma router khumi ndi awiri pakati pa tawuni, Chinamwali ndi Domasi, OSPF ikukwanirani. Segment Routing ndi EVPN ndi za makampani ogulitsa intaneti ndi ma data centre akuluakulu, musalole kuti akukakamizeni nazo.

Kumbali ina kusiya zinthu mmene zilili nakonso kuli ndi mtengo wake, muuwerengere moona mtima. Ma router a Cisco 2800 ndi 2900 omwe adzaza m'maofesi athu wopanga anasiya kale kuwathandiza, kutanthauza kuti bowo la chitetezo likapezeka palibe adzalitseke. Pali IPv6, mtundu watsopano wa ma adilesi a intaneti, yomwe tikungoizengereza, chonsecho IANA, bungwe logawa ma adilesi padziko lonse, inamaliza kugawa ma adilesi akale a IPv4 mu February 2011 ndipo AFRINIC, yomwe imagawa ma adilesi kuno ku Africa kuchokera ku Mauritius, pano imapereka pang'onopang'ono kwambiri. Ngati bungwe lanu likufuna kukhala ndi makampani awiri a intaneti pogwiritsa ntchito ma adilesi anuanu, kapena kulumikizana ku MIX ku Blantyre, komwe makampani a intaneti a m'dziko muno amasinthanirana traffic, kapena ndinu sukulu yaukachenjede yodutsira ku MAREN, netiweki ya masukulu ndi mabungwe a kafukufuku, BGP, protocol yolumikiza netiweki za mabungwe osiyana, siithawika m'mphepete mwa netiweki yanu, ndipo router yakale ya memory yochepa mwina siikwanitsa. Apo ndiye kugula kuli ndi chifukwa chomveka.

Chinanso, ngati vuto lanu lenileni ndi magetsi kuthimathima, mabatire a UPS otha, earthing yosalongosoka ndi fayiba yodulidwa ndi okumba ngalande, protocol yatsopano sikuchiritsani. Zomba mvula yake mukuidziwa, ndi mphenzi za m'phirimu. Konzani zimenezo kaye, ndalama yake ndi yochepa ndipo madandaulo ambiri amathera pompo.

Mwaganiza zosamuka kuchoka pa EIGRP kupita pa OSPF? Chabwino, nayi njira yomwe ine ndimaikhulupirira, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pomwe anthu amagwetsa netiweki. Choyamba mangani netiweki yanuyo mu GNS3 kapena EVE-NG, mapulogalamu oyesererapo netiweki pa laputopu, ndi ma config enieni, muyeserere kusamukako mpaka mutakuloweza. Kenako pa netiweki yeniyeni musazimitse EIGRP, yatsani OSPF pambali pake ziziyenda zonse ziwiri. Router ya Cisco imasankha njira poyang'ana administrative distance, nambala yomwe protocol iliyonse imapatsidwa, yochepa ndi imene imapambana, EIGRP yamkati ndi 90, OSPF ndi 110, RIP ndi 120. Ndiye anthu amati aa basi OSPF ingokhala phee osakhudza kanthu poti 90 ikupambana. Samalani apa! Ma route a EIGRP akunja, aja munawalowetsa kuchokera kwina ndi lamulo la redistribute, distance yawo ndi 170, kutanthauza kuti mukangoyatsa OSPF n'kulengeza ma network omwewo iyo ilanda pompo musanakonzeke. Choncho poyatsa OSPF ikwezeni distance yake kaye kufika 200 pa router iliyonse, kuti iphunzire netiweki yonse koma isagwire chiwongolero.

Ikatero isiyeni sabata imodzi kapena ziwiri mukuiyang'ana. Onani show ip ospf neighbor, aliyense woyenera akhale FULL. Mukaona ina yakanirira pa EXSTART kapena EXCHANGE, kawirikawiri ndi MTU, malire a kukula kwa paketi ya data, yosiyana mbali ziwirizo, ndipo zimachitika kwambiri pa ma link a wailesi ndi ma tunnel. Ikapanda kuonekera n'komwe yang'anani ma timer, pa Ethernet hello ndi masekondi 10 dead ndi 40 ndipo mbali zonse zifanane, komanso area (chigawo cha netiweki mu OSPF) ndi subnet mask. Tengani mndandanda wa ma network onse omwe EIGRP ikuwadziwa muyerekeze ndi database ya OSPF mzere ndi mzere, ntchito yotopetsa koma musaidumphe, network imodzi yoiwalika ndi nthambi yathunthu yopanda intaneti Lolemba m'mawa. Musaiwalenso default route, njira yomwe traffic yopanda njira ina imadutsira, OSPF siilengeza yokha mpaka mutaiuza ndi default-information originate.

Pali zinthu zomwe EIGRP inkakuchitirani zomwe OSPF sichita chimodzimodzi, muzidziwiretu. EIGRP imalola kuphatikiza ma route pa interface iliyonse yomwe mwafuna, OSPF imalola pa malire a area kapena polowetsa ma route akunja basi. EIGRP pogwiritsa ntchito lamulo la variance imatha kugawa katundu pa ma link osafanana kukula, OSPF imagawa pokhapokha cost, nambala yomwe imayezera nayo link iliyonse, ikafanana. Komanso pa Cisco OSPF imawerengera cost kuchokera pa 100 Mbps, ndiye link ya 100 Mbps ndi ya 1 Gbps zimaoneka zofanana, traffic ikhoza kusiya fayiba n'kudutsa pa wailesi. Sinthani auto-cost reference-bandwidth pa ma router onse mofanana, ndipo pa MikroTik ikani cost pamanja kuti igwirizane. Za ma area musadzivutitse, netiweki ya ma router makumi awiri kapena atatu ikhale mu area 0 yokha, yosavuta kuisamalira ngakhale mnzanu wongoyamba kumene. Ma port opita kwa ogwiritsa ntchito akhale passive kuti asamatumize mauthenga a OSPF, ndipo ikani authentication pakati pa ma router.

Tsiku lotembenuza likhale Loweruka masana kapena usiku, osati kumapeto kwa mwezi pomwe a akaunti akukonza malipiro, osati nthawi ya mayeso kapena kalembera ngati ndinu sukulu, ndipo ine ndimapewa miyezi ya Disembala mpaka Malichi chifukwa mukasokoneza router ya ku Jali mvula itagwa, kukafikako ndi nkhani ina. Jenereta ikhale ndi mafuta. Musanagwire router yakutali lembani reload in 10 ndipo musasunge config, mukadzitsekera kunja iyo izima n'kuyakanso ndi config yakale pakatha mphindi khumi, zikayenda bwino reload cancel. Pa MikroTik yatsani Safe Mode. Tsitsani distance ya OSPF pansi pa 90 router ndi router mwachangu motsatira ndondomeko yomwe munayeserera mu labu, chifukwa nthawi yomwe ena ali pa OSPF ena pa EIGRP ndi imene ma loop amabadwa, traffic n'kumangozungulira pakati pa ma router. Yesani ping ndi traceroute kuchokera ku nthambi iliyonse, zulani dala kebulo ya link yaikulu muone ngati yachiwiri ikunyamula, ndipo ngati masekondi 40 akukuchulukirani yatsani BFD, yozindikira msanga link ikaduka, pa ma link omwe zida zake zikulola.

EIGRP ija musaichotse tsiku lomwelo, isiyeni iziyenda pansi sabata zina ziwiri kuti zikavuta mubwerere ndi mzere umodzi. Zikadekha ichotseni, sungani ma config atsopano, jambulaninso mapu, ndipo khalani pansi ndi mnzanu wa mu ofesi mumuonetse zonse mpaka azitha kuwonjezera nthambi yekha inu kulibe. Mukatero mutha kuyamba HSRP kupita ku VRRP ndi OSPFv3 ya IPv6, koma zimenezo zidikire mwezi wina.